Tisagulitse ng'ombe pofuna kugula dzina

Mwezi watha ndinaitanidwa kwathu ku Nsipe, m'boma la Ntcheu. Uthenga wa mayi unali waufupi: "Bwera udzamve za mng'ono wako." Inu mukudziwa kuti kholo likalankhula chotere, mtima umathamangira pa zinthu ziwiri, matenda kapena kuchimwitsa mwana wa eni ake. Ndinakwera minibasi mtima uli m'mwamba. Nditafika ndinapeza aliyense ali bwinobwino, mbuzi zili m'khola, nsima ili pamoto. Mlandu womwe anandiitanira unali wa kompyuta.

Mng'ono wangayu amajambula vidiyo. Ukwati, chinkhoswe, chiliza, kwaya ya kutchalitchi yofuna kutulutsa nyimbo, kuyambira pa Kampepuza mpaka pa boma, iye amapezekapo ndi kamera yake. Ntchito amaidziwa, pamenepo sindimunyoza ayi. Vuto lake ndi laputopu yakale yomwe amakonzera zithunzizo. Vidiyo ya ukwati umodzi imatha usiku wonse isanapse, ndipo magetsi akangothima pakati pa usiku, zonse zimayambiranso poyamba. Eni ukwati amaimba foni mpaka kufika potukwana.

Tsono anapita ku Lilongwe, m'sitolo ina yomwe sinditchula dzina, n'kukaona chimakina chakuda chachikulu ngati sutikesi. Wogulitsa anamuuza kuti imeneyi si kompyuta wamba koma workstation, mtengo wake K3.8 miliyoni, ndipo akapitirira Lachisanu mtengowo usintha chifukwa cha dola. Mnyamata anabwerera kumudzi tulo titatha. Maganizo ake anali oti tigulitse ng'ombe ziwiri zomwe adatisiyira malemu bambo athu, pamodzi ndi ngolo yomwe.

"Achimwene," anatero iye, "makina amenewa ndi omwe amagwiritsa ntchito opanga mafilimu kunja. Ukwati umodzi ndizimaliza pa ola limodzi basi."

Mayi anangoti phee kwa kanthawi, kenaka anati: "Ine za kompyuta sindizidziwa, koma ng'ombe ndimazidziwa. Chomwe ndikufuna kumva n'chimodzi: kodi mtengowo ndi woona?"

Funso la mayi ndi lomwe ndabwera nalo pano lero, pakuti si la banja lathu lokha. Ndi funso la wophunzira zojambula mapulani a nyumba ku MUBAS ku Blantyre, la wophunzira uinjiniya ku MUST ku Thyolo, la mnyamata wa situdiyo ku Ndirande kapena ku Kawale, la wosindikiza mapositala ku Limbe. Ndi funsonso la inu amalonda amene mumakapikula katunduyu ku Johannesburg, ku Dubai ndi ku China. Ine sukulu ya ukachenjede ndidaisiyira panjira, digiri ndilibe, koma kuwerengera ndalama sindidaiwale. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Poyamba tigwirizane kaye kuti workstation n'chiyani. Ndi kompyuta yopangidwira ntchito yolemetsa yosalekeza, monga kujambula mapulani a nyumba ndi milatho, kuwerengera mphamvu ya zitsulo, kusanthula mapu ndi kukonza mafilimu. Kampani ya Dell idatchuka ndi zake zotchedwa Precision, HP ndi za chilembo Z, Lenovo ndi ThinkStation, pomwe Apple idatchuka ndi Mac Pro. Munthu wogula makina otere ku London kapena ku New York amalipira zinthu zitatu, ngakhale kuti m'manja amanyamula bokosi limodzi.

Choyamba ndi zitsulo zenizenizo: purosesa yamphamvu, mafani oziziritsa bwino, ndi memory ya mtundu wotchedwa ECC, yomwe imatha kuzindikira yokha pamene nambala yasokonekera pang'ono n'kuikonza. Kwa munthu wowerengera mlatho, kusokonekera kwa nambala imodzi si nkhani yamasewera. Chachiwiri ndi chivomerezo. Makampani opanga mapulogalamu monga AutoCAD ndi SolidWorks amayesa makinawo n'kuvomereza kuti amayenda bwino ndi pulogalamu yawo, kotero kuti zinthu zikavuta pamakhala woti ayankhe. Chachitatu ndi waranti, kawirikawiri ya zaka zitatu, yomwe kumaiko amenewo imatanthauza kuti makina akafa lero, mmisiri amabwera mawa ku ofesi kwanu atanyamula chitsulo chatsopano.

Kunena zoona, kwa kampani ya mainjiniya yomwe imataya ndalama zambiri tsiku limodzi lokha ntchito ikaima, mtengo wotere uli ndi mutu. Akugula tulo tabwino. Aliyense amene anganene kuti makina onse odula ndi chinyengo chokhachokha sanaonepo ntchito ya miyezi itatu ikufa chifukwa cha chitsulo chotchipa.

Koma tisanamizane. Si ndalama yonse ya pamtengopo yomwe imagula mphamvu. Ina imagula dzina, ndipo makampani enieniwo ndi omwe adationetsa zimenezi poyera.

M'chaka cha 2019 Apple idatulutsa Mac Pro yomwe mtengo wake woyambira udali madola 5,999, ndipo ukaidzaza ndi zonse zomwe inkatha kunyamula umapitirira madola 50,000. Amene ankafuna kuti makinawo akhale ndi timawilo tinayi tokankhira pansi ankaonjezera madola 400. Timawilo, abale anga, osati ta ngolo yonyamula chimanga, koma tosunthira bokosi kuchoka pakona ina ya ofesi kupita pakona ina. Sikirini yake inali ya madola 4,999, koma mwendo woimikapo sikiriniyo unkagulitsidwa pawokha pa madola 999. Pa tsiku lolengeza, ngakhale anthu okonda Apple omwe adali muholoyo adang'ung'udza.

Mu Juni 2023 kampani yomweyo idatulutsa makina awiri okhala ndi purosesa yofanana yotchedwa M2 Ultra. Kakang'ono, Mac Studio, kadali pa madola 3,999. Chachikulu, Mac Pro, chidali pa madola 6,999. Ubongo umodzi, memory yofanana, koma kusiyana madola 3,000. Chachikulucho chinali ndi malo olowetsamo makadi oonjezera ndi mabowo ochulukirapo olumikizira zingwe. Kwa anthu owerengeka a m'masitudiyo akuluakulu malo amenewo ndi ofunika zedi. Kwa ena onse, madola 3,000 adagula bokosi lalikulu.

Nayo kampani ya Nvidia, yomwe imapanga graphics card, chitsulo chomwe chimasenza ntchito ya zithunzi m'kompyuta, idachita zofanana. Mu Okutobala 2022 idatulutsa RTX 4090, yolinga kwa osewera magemu, pa madola 1,599. Pa nthawi yomweyo idalengeza RTX 6000 Ada, yolinga kwa akatswiri, yomwe idagulitsidwa pa madola pafupifupi 6,800. Zonse ziwiri zidamangidwa pa chip cha mtundu umodzi. Ya akatswiriyo ili ndi memory ya 48 GB pomwe inzakeyo ili ndi 24 GB, imadya magetsi ochepa, ndipo ili ndi chivomerezo chija. Koma kodi zimenezi n'zokwana kuti mtengo uchuluke kanayi?

Ife a ku Ntcheu nkhani imeneyi siitidabwitsa. Imani pa Lizulu ndi galimoto lanulanu lonyezimira, mufunse mtengo wa ndowa ya mbatata. Kenaka mubwerenso tsiku lina wapansi, mutavala patapata, mufunse ndowa yomweyo. Mayi wogulitsa uja sanaphunzire za chuma ku yunivesite, koma amadziwa kuyang'ana nsapato asanatchule mtengo. Makampani aakuluwa amachita zomwezo, kungoti iwo amavala suti. Amadziwa kuti wogula workstation nthawi zambiri salipira za m'thumba mwake, imalipira ndi kampani, ndiye amaika mtengo wolingana ndi thumba la kampani. Si kuba, popeza mtengo amaulemba poyera ndipo sakakamiza munthu. Koma tisamautche mtengo wa mphamvu. Ndi mtengo wa pagalimoto.

Tsopano tibwere nawo makinawa kuno kwathu. M'chaka cha 2024 dola imodzi ku banki inali pafupifupi K1,750, ndipo malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali K90,000 pamwezi. Mac Pro ya madola 6,999 ija imakwana K12 miliyoni ndi kanthu, isanakwere ndege, isanafike m'manja mwa wogulitsa aliyense. Munthu wa K90,000 akanayenera kugwira ntchito zaka zoposa 11, osadya, osalipira lendi, osadwala, kuti aigule. Kusiyana kokha kwa madola 3,000 kuja ndi ndalama yoposa K5 miliyoni.

Ndipo amenewo ndi masamu a dola ya ku banki, yomwe wamalonda wamba saiona. Pano, amalonda anzanga, ndikuimirani. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Wamalonda amene adagulitsa katundu wake mu Okutobala chaka chimenecho pa mtengo wakale adapezeka kuti ndalama yomwe ali nayo siingabweretsenso katundu wofanana. M'chaka cha 2025 dola ya pamsika wamseri idafika poposa kawiri mtengo wa ku banki. Pamwamba pa izo, chakumapeto kwa 2025 mtengo wa memory udakwera kwambiri pa dziko lonse chifukwa makampani a AI ankaigula yambirimbiri. Kuonjezera apo pali mayendedwe, misonkho, lendi ya shopu ndi chiwongoladzanja cha ngongole. Choncho wogula akamva mtengo n'kufuula kuti "akuba inu", nthawi zambiri amakhala akutukwana munthu wolakwika. Wamalonda sindiye amasindikiza kwacha.

Chomwe sindingakuimireni n'chakuti ena mwa inu mumalipiritsa zinthu zitatu zija koma n'kupereka chimodzi. Zitsulo zimafika ndithu. Nanga waranti ya zaka zitatu ili kuti? Ambiri mumapereka ya pakamwa, ya mwezi umodzi, ndipo makina akapsa mumati ndi magetsi, si vuto lanu. Mmisiri wobwera mawa ali kuti? Ndani adzatsike minibasi pa Nsipe atanyamula chitsulo chatsopano? Chitsulo chikafa chimayenera kuitanitsidwa kunja, masabata n'kumapita, ukwati wa eni ake uli m'bokosi lozima. Apa ndiye pagona kupanda chilungamo kwenikweni. Mzungu amalipira mtengo wokwera n'kulandira zonse zomwe walipira. Mmalawi amalipira mtengo womwewo, kuonjezapo dola yamseri, n'kulandira gawo limodzi.

Palinso zomwe dziko lathu limaonjezera pamtengo mosalemba pa risiti. Makina aakuluwa ena ali ndi mabokosi a magetsi a mawati oposa 1,000, kuyandikira mbaula yophikira. Kasola ka padenga sikangawasenze. Tonse tikukumbukira momwe namondwe wa Ana adaonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130, ndipo mdima udatikhalira mpaka chaka cha 2023. Wogula makina otere ayenera kugulanso UPS yamphamvu, mwina ndi jenereta yomwe, ndi mafuta ake. Ndiye pali fumbi la mwezi wa Okutobala, lomwe mafani amphamvu aja amalimeza ngati mowa wa masese. Makina opangidwira ofesi yoziziritsidwa, ukawaika m'kachipinda ka malata m'mbali mwa msewu, amakalamba msanga.

Nkhani ina ndi ya makina ogwiritsidwapo kale ntchito, omwe ndi ochuluka m'masitolo athu. Makampani a kunja amasintha makompyuta awo pakapita zaka zingapo, ndipo akalewo amagulitsidwa motchipa n'kudzafika kuno. Palibe chamanyazi pamenepo. Tonse tidakulira kaunjika, ndipo jekete la kaunjika nthawi zina limaposa latsopano. Koma palibe amene amagulitsa jekete la kaunjika pa mtengo wa m'shopu ya m'tauni pongoti lili ndi dzina lotchuka pakolala. Mawu akuti workstation asanduka dzina la pakolala. Amanenedwa mokweza, pomwe chaka chomwe makinawo adapangidwa chimanenedwa monong'ona.

Chakacho n'chofunika kuposa kale. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse, ndipo Windows 11 siivomereza mapurosesa ambiri opangidwa chaka cha 2017 chisanafike. Izi zikutanthauza kuti makina ambiri aakulu, olemera, ooneka bwino, omwe ali m'mashelefu athu, eni pulogalamuyo adawasiya kale m'mbuyo. Amayaka, amagwira ntchito, ndipo odziwa amatha kuwaika Linux kapena kupeza njira zina. Koma mtengo wake uyenera kusonyeza ukalamba umenewo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tisaiwalenso kuti bokosi lopanda pulogalamu ndi chitsulo chabe. Kuyambira 2013 kampani ya Adobe idasiya kugulitsa mapulogalamu ake atsopano mwa kamodzin'kamodzi, idayamba kubwereketsa pamwezi, ndipo Autodesk, eni ake a AutoCAD, adatsatira mu 2016. Lendi imeneyi imalipiridwa mu ndalama zakunja. Wogula wa kuno amene akuyendetsa pulogalamu yokopera kwa mnzake adziwe kuti chivomerezo chija, chomwe ndi gawo la mtengo wa workstation, kwa iye chilibe ntchito. Walipira chiphaso cha msewu womwe sakuyendamo.

Kwa ophunzira ndili ndi mawu awa. Luso silikhala m'bokosi. DaVinci Resolve, pulogalamu yokonzera vidiyo, ili ndi mtundu waulere womwe ungakwanitse ukwati uliwonse wa m'Malawi muno. Blender ndi yaulere kotheratu, ndipo filimu ya makatuni yotchedwa Flow, yomwe Gints Zilbalodis wa ku Latvia adapanga ndi pulogalamu imeneyi, idapambana mphoto ya Oscar mu Malichi 2025, kugonjetsa mafilimu a makampani olemera a ku America. Latvia ndi dziko la anthu osakwana 2 miliyoni. Musavutitse makolo kuti agulitse munda ati chifukwa mnzanu wa m'kalasi ali ndi makina a dzina. Funsani aphunzitsi anu kuti ntchito ya chaka chino ikufuna memory yochuluka bwanji ndi graphics card yotani, mugule zimenezo. Osagula mbereko mwana asanabadwe. Ndipo masukulu athu a ukachenjede, omwe amaphunzitsa maphunziro ofuna makina amphamvu, aziika makina otere m'malabu otsegula mpaka usiku, kuti mwana wa mlimi asalephere chifukwa cha thumba la bambo ake. Makina amodzi ogwiritsidwa ntchito ndi ophunzira makumi awiri, pamenepo ndiye mtengo wake umakhala woona.

Kwa amalonda pempho langa ndi laling'ono. Lembani pa katundu wanu dzina lenileni la purosesa ndi chaka chake, kuchuluka kwa memory, mtundu wa graphics card, ndiponso ngati makinawo ndi atsopano kapena ogwiritsidwapo kale ntchito. Waranti ilembedwe pa risiti, masiku ake ndi zomwe ikukhudza. Mukatero ikani phindu lanu momwe mukufunira, palibe amene adzakutcheni wakuba. Wamalonda wonena zoona amataya kasitomala mmodzi lero, koma amapeza mudzi wonse mawa. Nawo a bungwe la Competition and Fair Trading Commission ndi a Consumers Association of Malawi ayang'aneko ku mashelefu a makompyuta. Tidazolowera kumva za shuga, simenti ndi mafuta ophikira, koma kuno nakonso anthu akutaya ndalama zomwe adasunga zaka zambiri, ndipo ambiri sadandaula chifukwa amachita manyazi kuvomera kuti sadadziwe chomwe ankagula.

Kwa wogula aliyense, mafunso ndi atatu. Makinawa ndi a chaka chanji? Akafa, akonza ndani, kuti, ndipo pa masiku angati? Adzandibwezera ndalama yanga pakatha ntchito zingati? Funso lachitatuli muliyankhe nokha ndi pensulo, osati ndi mtima. Safunsa adadya phula.

Mafunso amenewa ndi omwe tinapita nawo ku Lilongwe Lachinayi lake, ine ndi mng'ono wanga. Wogulitsa anatilandira bwino, mpando anatipatsa. Titapempha kuti ayatse makinawo tione za m'kati, tinapeza kuti purosesa yake ndi Xeon E5 ya m'chaka cha 2016. Waranti anati ndi ya mwezi umodzi, koma yosakhudza za magetsi. Titafunsa ngati angalembe zimenezo pa risiti, anati bwana wake kulibe. Tinathokoza n'kutuluka. Mng'ono wanga sanandilankhule mpaka tinadutsa pa Dedza.

Tisanachoke m'tauni tinali titaonetsa laputopu yake ija kwa mmisiri wina wa m'kakhonde. Anapeza kuti batire lake lidafa kalekale, n'chifukwa chake ntchito inkafa magetsi akathima. Tinagula batire, tinaonjezera memory, tinaikamo SSD m'malo mwa disiki yakale. Zonse pamodzi sizinapitirire mtengo wa mbuzi zinayi, ndipo analipira yekha ndi ndalama ya maukwati awiri. Sindikunamizani kuti tsopano vidiyo ikupsa pa ola limodzi, ayi. Ikutengabe nthawi. Koma siikuyambiranso poyamba, ndipo mafoni otukwana aja achepa.

Tsiku lina mnyamatayu adzafunadi makina aakulu, ntchito ikadzachuluka mpaka kumakana ena. Tsiku limenelo ndidzamuperekeza ndine, ndipo tidzafunsanso mafunso omwewa. Pakadali pano ng'ombe zija zikadali m'khola. Sabata yatha zinasenza njerwa za munthu wina womanga nyumba, ndipo mayi anatenga theka la ndalamayo n'kumupatsa mwana wawo kuti asunge. Anamuuza kuti ngolo ndi yomwe idzagule kompyuta, osati kompyuta kudya ngolo.

Atandifunsanso ngati mtengo uja unali woona, ndinawayankha kuti unali woona kwa munthu wina, wa dziko lina, zaka zingapo zapitazo. Kwa ife a pa Nsipe sunali woona. Mayi anangoti "ndimadziwa", n'kupitiriza kusankha nyemba.